Nyengo imakwera phiri pang'onopang'ono



Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mwini nthawi ndi nyengo. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad (Swalla Allahu alaihi wasallam), akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, lero ndikufuna ndilankhule ndi munthu amene mumtima mwake wayamba kuganiza kuti Allah wamuiwala. Iwe amene unakhoza MSCE zaka zitatu zapitazo koma ukadali pakhomo. Iwe amene makalata ofunsira ntchito watumiza mpaka kutopa, foni osalira. Iwe mlongo wanga amene ma nikah a anzako wavinira onse, ako osaoneka. Ukatsegula Facebook, uyu wagula galimoto, uyu wakwera ndege, uyu wavala gauni. Dua ukupempha, swala ukuswali, koma kwa iwe kukadali zii. Khala pansi pang'ono, ndikuuze zimene zimachitika kuphiri lalitali nyengo yozizira ikamatha.

Kumayambiriro kwa Marichi 2024, kutatsala masiku ochepa kuti Ramadan iyambe, ine ndi anzanga a kusukulu kuno ku Morocco tinapita kumapiri a Atlas. Kuno miyezi yozizira kwambiri ndi Disembala, Januwale ndi Febuluwale. Marichi ndi mwezi umene chisanu chimayamba kuthawa, mitengo imene inayoyola masamba n'kuyambanso kuphukira. Nsonga yaitali kwambiri ya mapiriwa ndi Toubkal, mamita 4,167, ndipo kumpoto konse kwa Africa kulibe ina yoiposa. Kuti mumvetse bwino, Sapitwa wathu wa ku Mulanje ndi mamita 3,002. Nyumba imene okwera Toubkal amagonamo asanayambe chigawo chomaliza ili pa mamita 3,207, ndiye kuti timagona pamwamba kuposa Sapitwa, phiri lisanathe.

Chimene chinandigwira mtima si kutalika kwa phirilo ayi. Ndi chakuti tsiku limodzi lokha tinadutsa nyengo zingapo. Mumzinda wa Marrakech, umene uli m'chigwa, mitengo ya malalanje inali ikuchita maluwa, anthu akuyenda ndi malaya opepuka. Titakwera kufika cha ku Asni, mitengo ya amondi inali mbuu ndi maluwa, ina itayamba kale kuwayoyola. Ku Imlil, mudzi umene msewu wa galimoto umathera, pa mamita pafupifupi 1,800, matcheri ndi maapozi anali atangotupa timaso, osatsegula. Mitengo ikuluikulu ya mtedza wa walnut inali njo, yopanda tsamba ngakhale limodzi, ngati nkhuni zoimika. Titapitirira Sidi Chamharouch, njira inalowa m'chipale chofewa, chija ambiri timangoti sinowo. Kumeneko chisanu chinali chisanamve n'komwe kuti kumunsi anthu ayamba kuvula majuzi.

Chifukwa chake n'chodziwika. Ukakwera mamita 1,000 alionse, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Choncho tsiku limene ku Marrakech kuli madigiri 22, pansonga ya Toubkal madzi amakhala ali pafupi kuuma. Dzuwa ndi lomwelo, tsiku ndi lomwelo, Mlengi ndi Yemweyo, koma nyengo yophukira siifika paliponse nthawi imodzi. Imayambira m'chigwa, n'kumakwera phiri mlungu ndi mlungu. Mtengo wa ku Imlil umene ulibe masamba m'Marichi sunafe, ndipo sunalakwe kanthu. Wangomera pamalo pamene nthawi yake imafika mochedwerapo.

Ndipo kuphuka msanga kuli ndi ngozi yake. Alimi a kumeneko amaopa chisanu chobwerera. Mtengo ukafulumira kutsegula maluwa chifukwa cha masiku ochepa otentha, usiku umodzi wozizira kwambiri umatha kupsereza maluwa onse, chaka chimenecho zipatso n'kulephereka. Walnut, amene amaoneka ngati waulesi, amadikira mpaka ngoziyo itachepa.

Tsopano mvetserani mbali imene ndikufuna musaiiwale. Bambo amene ankatitsogolera, munthu wa mtundu wa Amazigh wobadwira m'chigwa chomwecho, anaona mmodzi wa ife akudandaula ndi kuzizira. Anaseka, n'kuloza sinowo uja, amvekere: "Mwana wanga, amenewa ndi madzi athu a mwezi wa Ogasiti. Chaka chimene phiri ili silinayere, ife timalira."

Subhanallah. Ku Marrakech miyezi yotentha mvula siigwa kwenikweni, ndipo kutentha kumapyola madigiri 40. Nanga minda ya azitona ndi zitsime za m'chigwamo zimamwa chiyani? Mbali yaikulu ya madzi ake imachokera kuphiri. Sinowo amene anagwa m'miyezi yowawa ija amasungunuka pang'onopang'ono, n'kutsika m'mitsinje ya Rheraya, Ourika ndi N'fis, ena n'kulowa pansi panthaka. Mzindawo unamangidwa cha m'ma 1070, ndipo anthu ake akale adakumba ngalande za pansi panthaka zotchedwa khettara kuti akoke madzi ochokera m'munsi mwa mapiriwa. Mvula ikagwa yambiri tsiku limodzi imathamanga n'kupita. Sinowo amasunga madzi miyezi, n'kumawapereka mwa muyeso. Malo aja ozizira, opanda duwa, amene amaoneka ngati nyengo yawaiwala, ndiwo nkhokwe ya dziko lonse la kumunsi.

Izi si nthano. Morocco inakhala zaka zingapo zotsatizana m'chilala, mapiri osayera mokwanira, madamu akuphwa. Zinafika poti mu Febuluwale 2025 Mfumu Mohammed VI inapempha anthu kuti chaka chimenecho asazinge nyama ya Eid ul-Adha chifukwa ziweto zinali zitachepa kwambiri. Chisanu chikachepa pamwamba, njala imamveka pansi.

Qur'an yolemekezeka imatiitana kuti tiganizire mapiri. M'Surah An-Naba mapiri akufaniziridwa ndi zikhomo, ndipo m'Surah Al-Mursalat mapiri ataliatali atchulidwa pamodzi ndi madzi okoma akumwa, m'ndime imodzi. M'Surah Al-Hijr tikuphunzira kuti nkhokwe za chinthu chilichonse zili kwa Allah, ndipo amachitsitsa mwa muyeso umene Iye akuudziwa. Ndime zimenezi ndinazimva kuyambira ku madrasa, koma unali ulendo umenewu umene unandionetsa ndi maso mmene phiri limasungira madzi a anthu amene sanalikwerepo.

Taonani mmene Allah adachitira ndi okondedwa Ake. Yusuf (Alaihi salaam) adaponyedwa m'chitsime, adagulitsidwa, adanamiziridwa, adalowa m'ndende. Mnzake amene adatuluka adamuiwala, iye n'kukhalamo zaka zingapo. Munthu woona ndi maso akadati uyu nyengo yamudutsa. Koma ndi iyeyo amene adadzasunga chakudya cha zaka 7 za zokolola kuti dziko la Iguputo lipulumuke zaka 7 za njala, ndipo abale ake omwe adamutaya adadzadya kuchokera m'manja mwake. Mtumiki wathu (SAW) adalandira uthenga ali ndi zaka 40, ali yekha m'phanga la Hira, paphiri, kutali ndi misika ya ku Makkah. Ndipo idafika nthawi imene chivumbulutso chidaima kaye, adani n'kumamuseka kuti Mbuye wake wamusiya. Surah Ad-Duha idatsika kudzamutonthoza kuti sadatayidwe. Ngati kudikira kukadakhala chizindikiro cha mkwiyo wa Allah, aneneri sakadadikira.

Koma m'bale wanga, usandimve molakwa. Sabr si kugona mpaka 10 koloko n'kumati nthawi yanga sinakwane. Ku Imlil m'Marichi palibe amene wakhala pansi kudikira maluwa. Tinapeza abambo akuchotsa miyala ndi matope m'ngalande zothirira zimene iwo amazitcha targa, ena akukonza makoma a miyala a minda yawo ing'onoing'ono yosanjikizana ngati masitepe, nyulu zikunyamula manyowa kukwera nawo mtunda. Madzi akayamba kutsika, mudzi umagawana mosinthana, banja lililonse ndi nthawi yake. Amene ngalande yake yatsekeka, nthawi yake ikafika madzi amangodutsa. Sangadandaule kuti Allah sanamupatse.

Ndiye funso ndi lakuti, m'miyezi imeneyi imene foni siikulira, ngalande yako ukuikonza? Fajr ukuidzukira? Juzu ija unaisiyira pakati, bwanji osaimaliza pano pamene nthawi ulinayo? Luso la manja, telala, ukalipentala, kukonza mafoni, kompyuta, ukuphunzira? Mayi ako ukuwathandiza kumunda, kapena ukungodikira nsima? Ngongole zing'onozing'ono ukubweza, kuti tsiku lina munthu adzakukhulupirire ndi ndalama zambiri? Zonsezi palibe amene angakuimbire m'manja pa intaneti. Sinowo nayenso amagwa usiku, mwakachetechete, popanda womuona. M'hadith imene adaipereka Mayi Aisha (Radhiyallahu anha), yopezeka mwa Bukhari ndi Muslim, tikuphunzitsidwa kuti ntchito imene Allah amaikonda kwambiri ndi yopitirira, ngakhale ikhale yochepa.

Phiri lomwelo limalanga wofulumira. Pamwamba mpweya ndi wopepuka. Pa mamita 4,000, kupuma kamodzi kumakupatsa okosijeni pafupifupi magawo 6 pa 10 a amene umapeza m'mbali mwa nyanja yamchere. Kuyambira pa mamita 2,500 munthu amatha kudwala chifukwa chokwera mofulumira: mutu kuwawa, nseru, kusowa tulo. Matenda amenewa saona minofu. Tinaona mnyamata wamphamvu wa gulu lina, amene anatidutsa akuthamanga masana, akutsitsidwa m'mawa mwake atagwiriridwa uku ndi uku. Bambo wathu uja ankayenda ngati akuwerenga mapazi, zitsulo za mano zitamangidwa kunsi kwa nsapato, ndipo tonse tinafika. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika. Achinyamata angati amene, potopa ndi kudikira, alowa m'juga ya pafoni, m'katapila, m'mabizinesi a chinyengo, ena kupita kwa asing'anga kukafuna chizimba? Akufuna kukwera mamita 4,000 tsiku limodzi, ndipo mtima sungathe kupuma kumeneko. Riziki la haramu limafika msanga, koma limafika ndi litsipa lake.

Sindikulonjeza kuti aliyense wopirira adzagula galimoto. Chimenecho Allah sadalonjeze, ndipo ine ndilibe ufulu wochilonjeza. Pa 8 Sepitembala 2023 mapiri omwewa anagwedezeka ndi chivomerezi chimene chinapha anthu oposa 2,900. Mzikiti wakale wa Tinmel, wa zaka za m'ma 1100, unagumuka kwambiri. Patatha miyezi 6, ife tikudutsa, mabanja ambiri m'mbali mwa msewu wa ku Asni anali akadali m'matenti, atatha chisanu chonse mmenemo. Ena mwa iwo sadzabwezeredwa pano padziko zimene anataya. Koma adhana inkamveka, ndipo pafupi ndi matentiwo minda inali yolimidwa. Msilamu amadziwa kuti nyengo yomaliza yophukira si ya padziko lino. Qur'an imabwereza m'malo angapo chitsanzo cha nthaka yakufa imene imatsitsimuka ndi madzi, pofuna kutiuza kuti nafenso tidzaukitsidwa. Palibe usiku wozizira umene unapirira chifukwa cha Allah umene udzasowe pa sikelo.

Ndimalize ndi inu amene zinthu zikukuyenderani, amene muli m'chigwa cha maluwa. Alhamdulillah, Allah akuonjezereni. Koma dzifunseni kuti madzi amene mukumwawo anachokera kuti. Pali mayi amene anadzuka 3 koloko zaka zambiri kukazinga mandasi kuti fizi ipezeke. Pali bambo amene anapalasa kabaza mpaka mawondo kutha. Pali mwalimu wa ku madrasa amene anakuphunzitsani Al-Fatiha osalandira kanthu kooneka. Pali mkulu wanu amene anasiya sukulu kuti inu mupitirize, ndipo lero ndi iyeyo amene akuoneka ngati wotsalira. Chisanu chawo ndiye madzi anu. Musawayang'anire pansi. Aimbireni foni lero lomwe, atumizireni kangachepe, atchuleni m'dua zanu. Ndipo musanaponye chithunzi china, kumbukirani kuti pali m'bale wanu amene achione ali m'kati mwa chisanu.

Kwa iwe amene ukadali pamtunda pozizira, usadziyeze ndi kalendala ya m'chigwa. Allah akudziwa malo amene anakudzala, ndipo akudziwa mlungu umene nyengo idzakufikire. Ntchito yako ndi kukhala wamoyo m'kati, kukonza ngalande, ndi kusataya chiyembekezo mwa Iye.

Tikupempha Allah atipatse kupirira kokongola, atitsegulire makomo a riziki la halali, atiteteze ku njira zachidule zimene zimamukwiyitsa, awachitire chifundo makolo athu monga anatilerera tili aang'ono, awatonthoze onse amene anataya abale ndi nyumba m'masoka, ndipo atisonkhanitse ku Jannah pamodzi ndi Mtumiki Wake (SAW). Ameen.

Ngati ukudziwa mnzako amene watopa ndi kudikira, mutumizire uthengawu, kenako ukamuone.

Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.