Cipukuta Misozi: Mphatso Kapena Nkhongole?

Munthu akapwetekeka pa nchito, makina akam'dula zala kapena akagwa pa sikafodi n'kuthyoka msana, kodi n'koyenela kuti akafune malipilo mwa lamulo? Pakamwa tonse timati inde. Koma ukayang'ana zimene zimacitika ku Kanyama, ku Chawama kapena ku Chimwemwe, upeza kuti ambili amangomanga bandeji, kulandila kandalama ka thilansipoti, n'kukhala cete. Ena amati n'cifukwa cosadziwa lamulo, ndipo pamenepo pali coona. Koma ine ndiona kuti cimene cimatimanga kwambili cili mumtima. Timamva ngati kufuna malipilo n'kusayamika, n'kukonda ndalama, mwinanso n'kulimbana ndi Mulungu. Ndifuna tiyese maganizo amenewa limodzi-limodzi.

Tiyambe ndi zimene zilipo. Pansi pa lamulo la Workers' Compensation Act la mu 1999, bungwe la Workers' Compensation Fund Control Board, limene likulu lake lili ku Ndola, limasunga thumba la ndalama zothandiza anchito opwetekeka. Amene amasonkha m'thumba limeneli ndi olemba nchito. Wanchito sadulidwa ngwee, ndipo apa ndiye pamasiyana ndi NAPSA, kumene bwana ndi wanchito amasonkha onse awili. Thumbali limalipila zakucipatala, limapeleka ndalama pa nthawi imene munthu sangagwile nchito, penshoni kwa amene walemala, ndi thandizo kwa mkazi kapena mwamuna ndi ana ngati wanchito wamwalila. Limaphatikizapo matenda obwela ndi nchito, monga a m'mapapo amene fumbi la miyala limapatsa anthu a m'migodi. Ndipo wanchito safunika kuonetsa kuti bwana ndiye analakwa. Cofunika n'cakuti ngoziyo inabwela cifukwa ca nchito, pa nthawi ya nchito.

Lomba timve mau oyamba amene amatsekeleza anthu: "Ba boss ni munthu wabwino. Ananitenga pamene nenze cabe pa nyumba, ananipeleka ku cipatala na motoka yao. Ningabapeleke bwanji ku boma?" Mau amenewa sindiwaseka. Kuyamika ndi khalidwe labwino, ndipo m'dziko limene nchito ndi yosowa conco, amene wakupatsa poyambila wakucitila cinthu cacikulu. Koma tisiyanitse mphatso ndi nkhongole. Mphatso ndi imene munthu amapeleka mwa kufuna kwake, ndipo akapanda kupeleka palibe mlandu. Nkhongole ndi imene ayenela kubweza, afune asafune. Bwana akabwela kudzakuona ku wadi atanyamula malalanje, imeneyo ndi mphatso, ndipo uyenela kunena zikomo. Koma cisamalilo ca dzanja limene linaduka likum'pangila phindu ndi nkhongole. Vuto limayamba pamene mphatso yaing'ono yagwilitsidwa nchito kufafaniza nkhongole yaikulu, ndipo wopwetekekayo akucita manyazi kufunsa cifukwa anadya kale malalanje. Nchito imene unapatsidwa unali kuilipila tsiku lililonse ndi thukuta. Panalibe pangano lakuti udzaonjezapo zala.

Mau aciwili ndi akuti linali tsoka, kapena kuti Mulungu ndiye analola. Ena amaonjeza mwambi wakuti ukakwatila kwa mphenzi usaope kung'anima: unadziwa kuti nchitoyo ndi yoopsa, nanga ukulila ciani? Ndivomela kuti ngozi zina palibe akanaziletsa. Koma zambili zimene timati tsoka zimakhala ndi manja a anthu kumbuyo kwake. Pa 25 September 1970, matope otsala poyenga mkuwa anaboola nthaka n'kusefukila mu mgodi wa ku Mufulira, ndipo anthu 89 anafa. Matope amenewo sanadzithile okha pamwamba pa malo amene anthu anali kukumba pansi pake. Mu April 2005 fakitale yopanga zophulitsila miyala ku Chambishi inaphulika n'kupha anthu pafupifupi 50. Zazing'ono za tsiku ndi tsiku zimayendanso motelo: makina ocekela matabwa opanda cochinga, waya wa malaiti wosenda, mnyamata wowelda popanda magalasi cifukwa ogula magalasi anati ndi odula. Munthu angakhulupilile kuti moyo wake uli m'manja mwa Mulungu, n'kufunsabe kuti ndani anacotsa cochinga pa makina. Ndipo ngakhale pamene palibe wolakwa, ana a wopwetekekayo afunikabe kudya. N'cifukwa cake lamulo silinayambe ndi kufunafuna wolakwa.

Mau acitatu ndiwo amandigwila mtima kwambili: "Ndalama sizingabweze dzanja langa. Kulandila kuli ngati ndagulitsa thupi." N'zoona, dzanja lilibe mtengo. Koma makolo athu anali kudziwa zimenezi, ndipo anali kulipitsanabe. Munthu akapweteka mnzake, nkhani inali kupita pa bwalo kwa amfumu, ndipo wolakwa anali kupeleka nkhuku, mbuzi kapena ng'ombe. Palibe anaganiza kuti diso la munthu ndi lofanana ndi mbuzi. Mbuziyo inali kunena pamaso pa mudzi wonse kuti cinthu cacitika, kuti wopwetekayo ndi munthu, ndi kuti mtolo wake sadzausenza yekha. Mau athu enieniwo amanena bwino: cipukuta misozi. Satanthauza kubweza cimene catayika. Amangovomela kuti pali misozi, ndi kuti wina ayenela kutambasula dzanja kuipukuta. Conco kufuna malipilo si khalidwe lobwela ndi maloya. Ndi lathu lakale, langovala mapepala ndi sitampa.

Pali nkhani imodzi yovuta imene sindifuna kuilambalala. Si bwana aliyense ali ndi fakitale ku Chinika. Ambili mwa ife timagwila pisiweki kwa munthu wokhala ndi makina amodzi owelda mageti m'mbali mwa mseu ku Kalingalinga, mwina ndi malume athu, ndipo sanalembetsepo kulikonse. Ukapita naye ku boma angalipitsidwe, bizinesi ingagwe, anzako awili angakhale pa ulova, ndipo pa malilo a pabanja mudzakhala mukupewana maso. Amene amati zimenezi n'zosavuta sanakhalepo m'komboni. Apa ndiona kuti ndi nzelu kuyamba ndi kukambilana, pali akulu a banja ndi mboni, ndipo zimene mwagwilizana zilembedwe. Cifundo kwa munthu wosauka mnzako cili ndi malo ake.

Koma ngakhale pamenepa tisadzinamize kuti tikakhala cete ndiye kuti palibe amene walipila. Ngozi iliyonse imalipilidwa. Funso ndi lakuti alipila ndani. Wopwetekeka akangokhala, amalipila ndi amai ake ogulitsa tomato pa msika, amene lomba adyetsa munthu wamkulu. Amalipila ndi mlongo wake amene wasiya sukulu kuti azim'samala. Amalipila ndi mkazi wake amene wayamba kucapa zovala m'mayadi. Anthu amenewa sanadye phindu la nchitoyo, ndipo palibe anawafunsa ngati avomela kukhululuka. Munthu angathe kukhululuka cimene ndi cake. Koma cakudya ca ana ake si cake yekha kuti acipeleke pofuna kuoneka waulemu. Ndiye cifukwa cake wolemba nchito, ngakhale wa anyamata awili kapena wanchito mmodzi wa m'nyumba, ayenela kulembetsa ndi kusonkha. Thumba limene ambili aponyamo limanyamula cimene munthu mmodzi cikanam'gwetsa.

Palinso munthu wina amene timamuiwala: amene adzaima pa makina amenewo mawa. Ngozi imene sinalembedwe ili ngati sinacitike. Makina amakhala momwemo, ndipo bwana amaphunzila kuti zala za munthu zimatha ndi kandalama ka m'thumba. Akuluakulu anati caona mnzako capita, mawa cili kwa iwe. Amene wapita kukanena za ngozi yake amateteza mnyamata amene sadzam'dziwa n'komwe.

Wofuna cilungamo nayenso ali ndi udindo. Anene zoona zokhazokha. Kukulitsa bala, kapena kunamizila nchito pa cilonda ca ku mpila, n'kuba m'thumba la anthu olemala, ndipo kumacititsa kuti amene adzabwela pambuyo akayikilidwe. Auze bwana tsiku lomwelo, asunge mapepala a kucipatala, adziwe maina a amene anaona. Timati mlandu suola, koma lamulo lili ndi nthawi yake, ndipo mboni zimasamuka. Bwana akakana kupeleka lipoti, wanchito angapite yekha ku ofesi ya Workers' Compensation kapena kwa Labour Officer, ndipo amene alibe ndalama ya loya angafunse ku Legal Aid Board.

Ine ndiima apa: munthu angapite kukafuna malipilo ake alibe cidani, n'kupitiliza kupatsa moni bwana wake ndi manja awili. Ulemu umene tinaphunzitsidwa kunyumba sunali wakuti tizibisa bala. Ndipo ngati ubale wa wanchito ndi bwana ungathe cabe cifukwa wanchito wafunsa cimene lamulo linam'patsa kale, ndiye kuti ubalewo unali kudalila kuti iye asadzafunse kanthu.