Ana anayi, mbale imodzi, wodwala mmodzi

Mwa akuluakulu 100 alionse padziko lapansi, oposa 90 ali ndi kachilombo ka Epstein-Barr m'thupi. Kamayenda m'malovu: pa supuni imene mayi walawira phala, pa kapu yomwera banja lonse. Kuno ana ambiri amakatenga asanayambe sukulu, osadwala n'komwe.

Koma mwa apo ndi apo kamalusa. Chiwindi chimatupa, maso n'kuchita chikasu. Ena amatupa ndulu. Ena ochepa kwambiri kapamba amakula mpaka kung'ambika, magazi n'kumatayikira m'mimba. Ndipo kumadera a malungo kachilomboka kamathandizira khansa ya Burkitt, yotupitsa ana nsagwada kapena mimba.

Funso limabadwira pamenepo. Ana anayi amadyera mbale imodzi, amalumidwa ndi udzudzu womwewo, nanga bwanji watupa mimba ndi mmodzi? Mtima wa kholo suvomera mwangozi, umafuna mwini nkhani. Kwa sing'anga amaloza agogo, kumapemphero ena amafufuza tchimo la makolo. Wowaseka makolo oterewa sanagonepo pansi pa bedi la mwana wodwala.

Denis Burkitt, dokotala wa ku Ireland yemwe anali Mkhristu wolimba, anaona ana otere pachipatala cha Mulago ku Kampala n'kulemba za iwo mu 1958. Iye sanafunse kuti walakwa ndani, anafunsa kuti matendawa akupezeka kuti. Mu 1961 anayenda pagalimoto m'zipatala zambiri, kuphatikizapo za ku Nyasaland, ndipo anapeza kuti amakonda madera otentha ndi a chinyontho, komwenso malungo amasautsa. Mu 1964, ku London, Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anakaona kachilomboko m'zidutswa za zotupa zochokera ku Uganda.

Zimenezi zikufotokoza njira ya matenda, koma sizitonthoza mayi amene akufunsa kuti bwanji mwana wake. Pa Yohane 9, ophunzira atafuna kudziwa amene anachimwa kuti munthu abadwe wosaona, Yesu anakana kuloza munthuyo kapena makolo ake, n'kuyamba kumuchiza. Chikhulupiriro chili ndi mphamvu yopirira funso lopanda yankho popanda kusemera munthu mlandu.

Chotupa cha Burkitt chingathe kukula kuwirikiza kawiri m'masiku awiri okha, komabe chimamva mankhwala, ndipo pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ana ambiri achira. Pempherani ndithu, koma mwana wotupa mimba kapena wa maso achikasu apite kuchipatala lero.