Umunthu wathu umalekezera pati?

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino tikambirane za moni. Ife a kuno ku Mzimba timanyadira kuti sitidutsana osapatsana "monire". Koma kodi moni ndiye umunthu wonse?

Taganizani za Tokyo, likulu la Japan. Mzindawu pamodzi ndi madera ouzungulira uli ndi anthu pafupifupi 37 miliyoni, pomwe Malawi yense mu kalembera wa 2018 tinalipo 17.5 miliyoni basi. M'sitima amathinana ngati matimati m'dengu, koma kuli zii, wina osayankhula ndi mnzake. Chodabwitsa n'chakuti munthu akataya kachikwama ka ndalama, nthawi zambiri wotola amakakasiya ku kaofesi ka polisi ka m'mbali mwa msewu kotchedwa koban, mwiniwake n'kukakapeza. Komano mumzinda womwewo okalamba ena amafera okha m'nyumba, n'kudzadziwika patapita masabata. Imfa yotereyi mpaka ili ndi dzina, kodokushi.

Kwathu agogo akangochedwa kutsegula chitseko m'mawa, wina wafika kale kudzaodira. Ngakhale anyamata athu a ku Joni, mnzawo akamwalira amasonkherana mpaka thupi lifike kumudzi. Paja kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu.

Koma tisadziombere m'manja msanga. Tonse timaziona pamsika. Akabwera wa kwathu, mulu wa mbatata ndi wodzadza, prize pamwamba. Akatsika m'basi pa M1 munthu wosadziwika, woyankhula mwachilendo, mtengo umakwera pompo, zowola zibisidwe pansi. Akagwetsa ndalama, wina amangoipondapo phee, kudikira achoke. Moni wampatsa ndithu, koma wamubera.

Ndiye ine ndikuti umunthu uli ndi miyendo iwiri. Mwendo wina ndi kusamala amene timawadziwa, winawo ndi kuchitira chilungamo munthu amene sitidzamuonanso. A ku Tokyo alimbitsa wachiwiri, ife woyamba, ndipo tonse tikutsimphina.

Kukomera mtima wachibale si kovuta, chifukwa mawa adzakubwezera, ndipo ukamulakwira mudzi wonse umva. Pa mlendo palibe wokuona, palibenso malipiro. Apo mpomwe mtima wa munthu umaonekera.

Matauni athu akukula, Mzuzu ndi Lilongwe akudzaza. Ana athu adzakhala pakati pa anthu osawadziwa, iwonso ali alendo. Tiwaphunzitse moni, inde, komanso kubweza chenje chokwanira kwa munthu amene sanawerenge.