Phesi la Chinangwa ndi Khungu la Munthu

Kwathu ku Nambuma timadula phesi la chinangwa n'kulizika, limaphuka mizu ndi masamba. Sindinayesepo kuti kumeneko n'kulanda ntchito ya Mulungu.

Nanga mtima unagundiranji nditamva za wasayansi Shinya Yamanaka wa ku Kyoto? Mu 2006 anabwezera maselo a mbewa ku ukhanda, oti n'kusanduka a mtima kapena a ubongo. Mu 2007, anateronso ndi a khungu la munthu. Ife Akatolika timakana kuwononga mluza pofuna maselo otere. Njira yakeyi sisowa mluza, ndipo ine ndikuti Namalenga ndiye anabisa mphamvuyo m'khungumo.

Chondisautsa n'china. Mdzukulu wanga amabuula usiku ndi matenda a sickle cell. Chithandizo chokonza maselo opanga magazi chinavomerezedwa mu 2023, koma ku America n'choposa madola 2 miliyoni. Ndimapemphera ndikumusisita miyendo mpaka tambala woyamba.