Ndani Anauza Mwanayu Kuti Snape Ndi Woipa?

Loweruka lapitali ndinaonera Harry Potter and the Philosopher's Stone ndi mwana wa achemwali anga, wa zaka 9. Chingerezi chake ndi chapatalipatali, moti theka la zokambirana limangomudutsa. Koma Snape atangolowa m'kalasi, mwana uja anandikoka malaya. "Ankolo, ameneyu ndi woipa." Nthawi imeneyo Snape anali asanachite chilichonse choti n'kumuimbira mlandu.

Ndinabweza filimu ija pamene ana akuwoloka nyanja pa timabwato, n'kuona Hogwarts koyamba, ndipo ndinazimitsa mawu. Panangotsala ana ndi nyali zawo. "Bwezerani ankolo, mwachotsa zokoma," anadandaula. Apa m'pamene ndinazindikira kuti mwanayu sankatsatira Chingerezi ayi. Ankatsatira John Williams.

Williams ndiye anapeka nyimbo za filimu ya 2001 imeneyi. Kanyimbo kotchuka kaja, Hedwig's Theme, kamayamba ndi celesta, chida chooneka ngati piyano yaing'ono koma cholira ngati timabelu. Anachipanga Auguste Mustel ku Paris mu 1886, ndipo Tchaikovsky anachitchukitsa mu The Nutcracker mu 1892. Celesta ikangolira, mtima umadziwiratu kuti kukubwera zodabwitsa. Kenako mavayolini amathamanga ngati mphepo, malipenga n'kulowa, basi wanyamulidwa. Sunafunsidwe ngati ukufuna.

Funso langa lili pomwepo. Kodi n'chilungamo kuti gulu lonse la akatswiri oimba lipanikize mtima wa mwana mmodzi, n'kumuuza pochita mantha, posekerera ndi woti amukonde? Wamkulu akhoza kunena kuti apa akufuna kundiliza dala. Mwana alibe chishango chimenecho.

Nkhawayi si yanga ndekha. Plato, mu Republic, ankafuna kuti mitundu ina ya nyimbo iletsedwe mumzinda wake, poti ankakhulupirira kuti nyimbo imalowa mumtima wa wachinyamata nzeru zisanakhwime. Tili ku yunivesite ndinkamuseka kuti ndi mdala wovuta. Pano ndikuona kuti anaona zoona, kungoti mankhwala ake anali owawa mopitirira.

Komatu sindingayerekeze kudana ndi nyimbozi. Agogo anga sankamaliza nthano popanda kuimba, ife n'kumavomereza, ndipo nyimboyo ndi imene inkatiphunzitsa kuti mwana wamasiye akamalira nafenso tizimva kuwawa. Mwana sabadwa akudziwa dzina la chisoni kapena la kulimba mtima. Wina amayenera kumusonyeza. Pomaliza E.T. mu 1982, Williams ankalephera kugwirizanitsa oimba ndi zithunzi, ndiye Steven Spielberg anati filimu izimitsidwe, iwo aimbe momwe akumvera, iye adzadulanso zithunzi motsatira nyimbo. Amene analira poona E.T. akutsanzikana ndi Elliott sananamizidwe. Kusiyana ndi mnzako kumawawadi, nyimbo inangothandiza kunena.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi china: nyimbo ikagamula mlandu wa munthu zochita zake zisanaoneke. Pa masewera a Quidditch, Snape akuoneka akung'ung'udza mawu, tsache la Harry likugwedezeka, nyimbo yachita mdima, Hermione n'kukamuyatsira moto chovala. Tonse timaombera m'manja. Pomwe Snape ankapulumutsa Harry, ndipo wolodzayo anali Quirrell, wachibwibwi ndi wamantha uja amene palibe ankamuganizira. Ndinakumbuka nkhani zimene timamva kuno kwathu, za agogo omenyedwa ngakhale kuphedwa kumene poganiziridwa ufiti, umboni wake nkhope yokwinyika ndi manong'onong'o a anthu. Kumeneko kulibe mavayolini, koma kaweruzidwe kake n'komweko.

Mwina filimuyi imadziwombola yokha, chifukwa imakunamiza kenako n'kukuonetsa poyera kuti unanamizika. Mwana amene waona mtima wake ukulakwitsa kamodzi waphunzira chinthu chimene Plato akanamumana. Ndikutero, koma ndisaname, sindinakhutire kwenikweni, chifukwa mafilimu ambiri sabwerera kudzakonza bodza lawo.

Quirrell atavula nsalu ya kumutu ija, mwana wa achemwali anakhala duu. Kenako anati, "Komabe Snape sindikumukhulupirira." Ndinamufunsa chifukwa chake. Iye anangoti, "Simunamve mmene zimalirira akabwera?"