Kodi Mmishonale Ayenera Kulipira Chiyani Kuti Alandiridwe?

MUSGRAVE ndi dera la nyumba zokongola ndi matchalitchi akale mumzinda wa Durban, ku South Africa. Lili pamtunda woyang'anizana ndi doko, wotchedwa Berea. Ambiri oyenda mu Musgrave Road lerolino sadziŵa kuti dzina la mtundawo linachokera m'Baibulo, ndi kuti amene analipereka anali mlendo wongofika kumene, wofunitsitsa kuyamba kulalikira. Nkhani yake imadzutsa funso limene mmishonale aliyense watsopano amayang'anizana nalo: Kodi ayenera kulolera kufikira pati kuti eni dziko amtsegulire khomo?

Mlendo Wofulumira

Allen Gardiner anali kapitawo wa zombo zankhondo za Britain. Mkazi wake atamwalira mu 1834, iye anasankha kuthera moyo wake pantchito yaumishonale. Anafika ku Port Natal kuchiyambi kwa 1835, chaka chimene Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi, ndipo anapita kwa Dingane, mfumu ya Azulu, kukapempha chilolezo cha kuphunzitsa. Mfumuyo inakana. Amalonda achizungu oŵerengeka a padokopo ndiwo anamlola, chotero anamanga malo ake pamtunda uja nawatcha Berea, pokumbukira Abereya amene anamvetsera Paulo atathamangitsidwa ku Tesalonika.—Machitidwe 17:10, 11.

Komabe, mtima wa Gardiner unali kwa Azulu. Panthaŵiyo anthu ambiri othaŵa ulamuliro wa Dingane anali kubisala padokopo, ndipo zimenezi zinali kukwiyitsa mfumu. Mu May 1835, Gardiner anapangana nayo kuti amene anathaŵa kale akhululukidwe, koma aliyense wothaŵa pambuyo pake abwezedwe. Khomo linatseguka pang'ono, pakuti iye analoledwa kuphunzitsa m'chigawo china cha ufumuwo. Posapita nthaŵi othaŵa atsopano anafika, ndipo Gardiner mwiniyo anawaperekeza kwa mfumu monga akaidi. Anawachonderera kuti asaphedwe. Iwo anaphedwa.

Kodi Cholinga Chabwino Chimayeretsa Njira Yoipa?

Sikungakhale kulungama kumuona Gardiner monga munthu wouma mtima. Wina angamuikire kumbuyo ponena kuti panganolo linatetezera khamu limene linali kale padokopo, ndi kuti popanda ilo mfumu ikanatumiza asilikali ake. Angawonjezere kuti mlendo ayenera kulemekeza olamulira a dziko limene wafikamo, monga momwe Aroma 13:1 amaphunzitsira. Zifukwa zimenezi nzamphamvu, ndipo munthu wokhala pamtendere sayenera kuzinyoza.

Ngakhale ndi tero, pali kusiyana pakati pa kugonjera wolamulira ndi kukhala dzanja lake. Chilamulo cha Mose chinaletsa Aisrayeli kubweza kapolo wothaŵa kwa mbuye wake. Anayenera kumlola kukhala pamalo amene anasankha. (Deuteronomo 23:15, 16) Paulo nayenso anatsutsa mwamphamvu lingaliro lakuti munthu angachite choipa kuti chabwino chidze. (Aroma 3:8) Mmishonale ali ndi zambiri zimene angapereke kuti alandiridwe: chakudya chimene anazoloŵera, chinenero chake, ulemu umene anali nawo kwawo, ngakhale thanzi lake. Zonsezo nzake. Koma moyo wa munthu wothaŵira kwa iye suli wake, ndipo sangaugwiritsire ntchito monga malipiro. Ndiponso, kodi anthu a m'midzi yozungulira anaphunziranji ponena za Mulungu wa mlendoyo pamene anaona mtumiki Wake akubweza anthu kuimfa? Ulaliki wake woyamba unali umenewo, asanatsegule nkomwe Baibulo.

Lingalirani za Paulo ali m'ndende ku Kaisareya. Kazembe Felike anali kuyembekezera ndalama kwa iye, ndipo anamuitana kaŵirikaŵiri. Chiphuphu chikanamasula mtumwiyo kuti akachezere mipingo imene inamfuna kwambiri. Iye anakhala womangidwa zaka ziŵiri. (Machitidwe 24:26, 27) Komatu Paulo yemweyo anali wokonzeka kusintha m'zinthu zina zonse, kukhala monga Myuda kwa Ayuda ndi monga wofooka kwa ofooka. (1 Akorinto 9:20-22) Ku Korinto anakhala m'nyumba ya Akula ndi Priskila, akumasoka mahema ndi manja ake, nakhala mumzindawo chaka ndi miyezi isanu ndi umodzi.

Chiyeso cha mlendo watsopano kaŵirikaŵiri chimachokera m'changu chake. Iye wasiya achibale, wayenda ulendo wautali, ndipo amene anamtuma akudikira makalata osimba za chipambano. Mwezi uliwonse wopanda zipatso umamuŵaŵa. Pamenepo aliyense wokhala ndi mphamvu ya kufupikitsa kudikirako amaoneka ngati yankho la pemphero. Lerolino mtengo wake sungakhale mwazi. Ungakhale bodza laling'ono papepala lopempha chilolezo chokhala m'dziko, mphatso yamseri kwa mkulu wa pachipata, kapena kutseka pakamwa pamene mwininyumba wolemera azunza wantchito wake.

Amene Anadikira

Gardiner anabwerera ku Natal mu 1837 ali ndi ulamuliro wa kuweruza milandu umene boma la Britain linampatsa, koma amalondawo anaukana. Mu 1838, nkhondo itabuka pakati pa Azulu ndi Mabunu, anachoka kotheratu. Changu chake sichinazirale. Anatembenukira ku South America, ndipo mu 1851 anafa ndi njala ku Tierra del Fuego limodzi ndi anzake asanu ndi mmodzi, akudikira chombo cha chakudya.

Chakumapeto kwa 1835 kunafikanso Newton Adams, dokotala wa ku America, amene anakhazikika ku Umlazi, kummwera kwa dokolo. Iye anaphunzira Chizulu, anachiritsa odwala, natsegula sukulu. Anthu ambiri anali kudza kudzamvetsera, koma chaka chinatha, china chinatsatira, popanda wobatizidwa ndi mmodzi yemwe. Munali mu 1846, patapita zaka zoposa khumi, pamene mkazi wamasiye wotchedwa Mbulasi anabatizidwa.