Kodi Kupatsa Nkuikadi?

Kufupi ndi msika wa ku Zingwangwa kuli kabala kena kamene ndakhala ndikupitako zaka zisanu ndi ziŵiri. Muli mabenchi atatu, tebulo lopendekeka limene tidaliikira njerwa kumwendo, ndi bawo yosalala chifukwa cha manja a anthu. Pakhomo pali mnyamata wa chiwaya amene amakazinga kanyenya ndi chipisi, nawaza tsabola wa kambuzi wokhetsa misozi. Loŵeruka mayi mwini malo amaphika mang'ina kuyambira mmamaŵa, ndipo wofika dzuŵa litapendeka amangopeza msuzi. Moŵa wake ndi wamba, Green ndi Kuche Kuche. Akuluakulu a pamenepa satopa kutikumbutsa kuti fakitale ya Carlsberg imene idatsegulidwa mu Blantyre mu 1968 idali yoyamba kunja kwa Denmark, ngati kuti adaimanga ndi manja awo.

Koma chimene chimatikokera kumeneko si moŵa ai, pakuti moŵa uli ponseponse. Ndi raundi. Tikakhala anayi, aliyense amagula mabotolo anayi nthaŵi yake ikakwana, ndipo palibe amene amakumbutsa mnzake. Mphunzitsi, kalaliki, telala ndi ine timasiya maudindo athu pakhomo, chifukwa mkatimo munthu amayesedwa ndi chinthu chimodzi chokha: kodi amabweza?

Tsono atelala ntchito idawathina. Kaunjika adali atawalanda kale makasitomala, ndipo kwacha itagwa mu November 2023 ulusi ndi nsalu zidakwera mtengo kotero kuti makina awo ankagona masiku ambiri. Ife atatu tidapangana mwakachetechete kuti nthaŵi yawo ikafika tiziwadumpha. Akati apise m'thumba, wina ankawagwira dzanja nati, "Khalani pansi achimwene, ino ndi yanga." Tinkabwerera kunyumba mitima ili mbee, tikudziona ngati anthu abwino.

Patapita milungu isanu adaleka kubwera. Ndivomere kuti ndidawayesa munthu wosayamika. Tsiku lina ndidawapeza kwina, ali okhaokha, akukhutchumula paketi ya Chibuku, ndipo nditawafunsa chimene tidawalakwira adati, "Simudalakwe achimwene. Kungoti moŵa wanu unkandikhala pakhosi."

Mau ameneŵa andisautsa kufikira lero. Makolo adati kupatsa nkuika, ndipo ambirife timaumva mwambiwu ngati nzeru ya munthu wochenjera amene akudzikonzera za maŵa. Ine tsopano ndiumva kuchokera kumbali ya wolandira. Ukaika kanthu kwa munthu, wamuyesa nkhokwe imene tsiku lina udzatapamo. Wamulemekeza. Nanga ife, pokana botolo la atelala sabata ndi sabata, tinkawauza chiyani? Kuti mwa iwo mulibenso choti nkutapa. Tidawachotsa pa anzathu nkuwasandutsa alendo, ndipo mlendo sakhalitsa.

Komabe inu aŵerengi musafulumire kutiweruza. Tikadawalola kugula, mabotolo anayiwo akadachokera pa ndalama ya ufa wa ana awo. Kodi ulemu wa bambo pa benchi la m'bala ungapose nsima ya mwana? Sindikhulupirira choncho, ndipo amene anganene kuti inde sadamvepo mwana akulira ndi njala. Apa mpamene ndimakakamira: kuwalola kukadakhala kulakwira ana, kuwakaniza kudali kulakwira iwo, ndipo ife tidasankha cholakwa chimene chinkatikomera mumtima.

Mayi mwini malo, amene sakonda kutsutsana za nzeru, adangoona kuti makatani a m'bala mwawo atha. (Adali atatha kuyambira tsiku limene ndidayamba kuloŵamo, ndipo palibe adadandaulapo.) Adatuma mwana kukaitana atelala, nakangana nawo mtengo kwa nthaŵi yaitali monga achitira ndi wina aliyense, osawachitira chifundo ngakhale pang'ono.

Loŵeruka lotsatira atelala adabwera kudzapachika makataniwo. Atatsika pa mpando sadagule raundi, koma adaitana mnyamata wa chiwaya kuti abweretse mbale ya kanyenya, naiika pakati pa tebulo. Ine ndidali nditadya kale kunyumba, ndiponso ndidaganiza za ana aja. Mphunzitsi adandiponda phazi kunsi kwa tebulo. Ndidatola nthuli ziŵiri, ndipo atelala adakankhira mbale kwa ine kuti nditolenso yachitatu.